Eser shekel: mbiri ya lamulo lozondoka m'manambala a Chiheberi

Chiheberi chinandigwetsa koyamba pa anyamata atatu. Ndinali pa maphunziro a digiri yachiwiri, ndipo tinali titatha milungu ingapo tikuloweza kuti m'chinenerochi dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi, kaya ndi la munthu, la mpando kapena la mzinda. Tinalowezanso kuti mawu ambiri achikazi amathera ndi a. Mnyamata ndi yeled, mtsikana ndi yalda. Mwamuna wabwino amamunena kuti tov, mkazi wabwino tova. Tsono aphunzitsi atalemba pa bolodi mawu awiri a nambala 3, shalosh ndi shlosha, n'kufunsa amene anganene kuti "anyamata atatu", ine ndinakweza mkono msangamsanga. Ndinati shalosh yeladim, poganiza kuti liwu lothera ndi a ndi la atsikana. Aphunzitsi anangopukusa mutu uku akumwetulira, ngati munthu amene waona mbewa zambirimbiri zikugwa pa diwa lomwelo. Anyamata atatu ndi shlosha yeladim. Atsikana atatu ndiwo shalosh yeladot.

Lamuloli limagwira kuyambira pa 3 mpaka pa 10. Powerenga zinthu zachikazi mumati shalosh, arba, khamesh, shesh, sheva, shmone, tesha, eser. Powerenga zachimuna mumatenga mawu ooneka ngati achikazi: shlosha, arba'a, khamisha, shisha, shiv'a, shmona, tish'a, asara. Kh amene ndikulembayu si wa "khasu" ayi, ndi liwu lokhula pakhosi ngati G wa m'dzina la Gauteng. Manambala awiri oyamba alibe makani otere. Chimodzi chachimuna ndi ekhad, chachikazi ndi akhat. Ziwiri ndi shnayim ndi shtayim, ndipo t amene ali m'mawu achikaziwo ndi chizindikiro chenicheni cha chikazi. Nambala 1 imabwera pambuyo pa dzina monga timachitira ife, yeled ekhad, mnyamata mmodzi. Zina zonse zimatsogola.

Tsiku limenelo ndinatuluka m'kalasi ndikukhulupirira kuti lamuloli analipeka ndi akatswiri a galamala osowa chochita. Ndinalakwanso. Lamuloli ndi lakale kuposa katswiri aliyense wa galamala.

Pansi pa phiri la mzinda wakale wa Yerusalemu pali ngalande yoboola m'thanthwe, yotalika mamita oposa 500, yotenga madzi ku kasupe wa Gihon kupita nawo ku dziwe la Siloam. Akatswiri ambiri amati inakumbidwa m'masiku a mfumu Hezekiya, cha m'ma 700 BC. Magulu awiri a okumba anayambira mbali ziwiri n'kukakumana pakati. Mu 1880 pa khoma la ngalandeyo panapezeka mawu ogoba ofotokoza za tsiku lokumanalo, ndipo mwalawo lero uli m'nyumba yosungira zinthu zakale ku Istanbul. Wogobayo sanatchule dzina la mfumu. Anakamba za akasemasema, za mawu a munthu akuitana mnzake kuseri kwa thanthwe, ndi za miyeso: kuti panatsala mikono itatu kuti aboole, kuti madzi anayenda mikono 1,200, kuti thanthwe linali mikono 100 pamwamba pa mitu yawo. Manambala onsewa anawalemba m'mawu. Mkono woyezera, ama, ndi dzina lachikazi, ndipo "itatu" yake inalembedwa ndi malembo atatu okha, sh, l ndi sh, popanda mathero aja. Ndiye kuti munthu wogwira ntchito ya miyala zaka 2,700 zapitazo ankadziwa kale zimene ine ndinalephera pa bolodi. Polemba 1,200 anayamba ndi 200, matayim, kenako 1,000, elef. Liwu loti matayim lili ndi mathero akale a zinthu zoyenda ziwiriziwiri, omwenso ali mu yadayim, manja, ndi mu shnayim mwenimwenimo.

Ngakhale wogobayo anachita kulandira lamuloli. M'Chiarabu cha m'mabuku amuna atatu amatenga thalatha, akazi atatu thalath. M'Chiaramu ndi m'Chiakadi cha ku Mesopotamia muli kuzondoka komweko, kusonyeza kuti kunachokera kwa kholo la zinenero zonsezi, Chiheberi chisanakhale chinenero pachokha. Amene mumadziwa Chiswahili mwayamba kale kumva abale. Sita, saba ndi tisa zinabwera kugombe ndi Aarabu, ndipo ndi ana a mimba imodzi ndi shesh, sheva ndi tesha. Arobaini ndi arba'im, hamsini ndi khamishim, mia ndi me'a, elfu ndi elef.

Nanga kuzondokako kunayamba bwanji? Kufotokoza kumene kumandigwira mtima ndi kwa m'buku lotchuka la galamala la Wilhelm Gesenius, limene linasindikizidwa koyamba mu 1813 n'kumakonzedwa mobwerezabwereza ndi ena. Akuti manambala a 3 mpaka 10 poyamba sanali afotokozi. Anali mayina a gulu, ngati munthu atati "utatu wa anyamata". Mayina otere m'zinenerozi amakonda mathero achikazi, ndipo mawu aataliwo ndiwo ankagwira ntchito pa mayina achimuna, amene ankatchulidwa kawirikawiri. Pofuna kusiyanitsa, mawu aafupi anatsalira mayina achikazi. Kwa wolankhula Chichewa izi sizachilendo kwenikweni. "Khumi" wathu ndi dzina, n'chifukwa chake sasintha: anthu khumi, nkhuku khumi, ndipo ali ndi zambiri zake, makumi. Chiheberi chimaonetsabe chiyambi chimenechi ponena za gulu lodziwika: shloshet hayeladim, anyamata atatu aja, kapena kuti utatu wa anyamatawo.

Kulemba nambala ndi chizindikiro ndi nkhani ina, ndipo Aheberi anachita kubwereka. Pa mapale olembedwa amene anafukulidwa ku Arad ndi ku Samaria, alembi a mafumu ankagwiritsa ntchito zizindikiro za manambala za Aiguputo. Pambuyo pake, potengera Agiriki, malembo a alifabeti anasanduka manambala: alef 1, bet 2, yod 10, mpaka tav 400. Masekeli asiliva amene Ayuda anasula pa nkhondo yawo yolimbana ndi Aroma, kuyambira 66 mpaka 70 AD, ali ndi chaka cholembedwa motero. Lero njirayi idakalipo pa kalendala, ndipo ili ndi mwambo wake umodzi: 15 salembedwa 10 ndi 5, chifukwa yod ndi he zikagundana zimapanga gawo la dzina la Mulungu. Amalemba 9 ndi 6, tet ndi vav, n'kumatchula tu. Dzina la chikondwerero cha mitengo, Tu BiShvat, limangotanthauza tsiku la 15 la mwezi wa Shvat.

Koma m'mipukutu ya Malemba nambala iliyonse ndi mawu, ndipo mawuwo sanali ndi dongosolo limodzi. Zaka 127 za Sara m'buku la Genesis zimayambira pa zana n'kutsikira pa 20 ndi 7. Zigawo 127 za ufumu wa Ahaswero m'buku la Estere zimayambira pa 7 n'kukwera. Kusiyanaku kunafika mpaka m'mikangano ya arabi. Mishna, imene inasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, imafotokoza kuti pa Yom Kippur mkulu wa ansembe ankawaza magazi kamodzi m'mwamba ndi kasanu ndi kawiri pansi, akuwerenga mokweza. Talmud imasunga kusiyana kwa Rabi Meir ndi Rabi Yehuda pa kawerengedweko: wina ankati "kamodzi" ka m'mwamba kaja kankatsogola pa nambala iliyonse, wina ankati kankatsatira. Yankho la Talmud ndimalikonda kwambiri. Likuti awiriwa sakutsutsana, aliyense akunena monga amawerengera anthu akwawo. Ndipo mkulu wa ansembeyo ankawerenga ndi mawu achikazi, akhat, shtayim, shalosh, omwewo amene mwana wa ku Haifa amafuula lero asanayambe kuthamanga.

Cha m'nthawi ya Mishna yomweyo Chiheberi chinali kuleka kukhala chinenero chimene mayi amalera nacho mwana. Kwa zaka pafupifupi 1,700 chinali cha pemphero, cha maphunziro, cha ndakatulo ndi cha makalata a amalonda ndi arabi. Ku msika Myuda ankatsutsa mtengo m'Chiaramu, m'Chiarabu, m'Chiyidishi kapena m'Chiladino. Apa ndi pamene ine ndimaona gwero la moyo wautali wa lamulo lozondoka lija. Chiarabu cholankhulidwa chinaliphwasula kalekale. Ku Cairo talata ndi talat zilipo zonse, koma kusankha kwake sikuyang'ananso chimuna kapena chikazi: mumati talata powerenga chabe, talat patsogolo pa dzina. M'Chiheberi lamulo linatsala lathunthu chifukwa palibe amene ankagula nalo tomato.

Sikuti manambala anangogona m'mabuku. Chaka chilichonse, kuchokera pa Pasika mpaka pa chikondwerero cha Shavuot, Myuda wopembedza amawerenga masiku 49, madzulo aliwonse akutchula mokweza masiku amene apita ndi masabata amene akwanira. Yom, tsiku, ndi shavua, sabata, onse ndi mayina achimuna, choncho mawu aatali aja ankadutsa pakamwa chaka ndi chaka. Masiku asanu ndi awiri okhala pa maliro amangotchedwa shiv'a. Pemphero lalikulu la tsiku ndi tsiku limatchedwa Shmone Esre, 18, m'chikazi chifukwa mdalitso, brakha, ndi dzina lachikazi. Madalitsowo anawonjezeka n'kukhala 19, koma dzina silinasunthe.

Katchulidwe kanasungidwa ndi anthu ena apadera, Amasorete a ku Tiberias, amene pakati pa zaka za m'ma 600 ndi 900 anaika timadontho ndi timizere pansi ndi pamwamba pa malembo kuti wowerenga adziwe liwu lililonse. Ntchito yawo timaiona m'mabuku awiri akuluakulu, Aleppo Codex wa cha m'ma 930 ndi Leningrad Codex wa mu 1008. Liwu limodzi laling'ono linawapatsa vuto lenileni, shtayim. M'kawerengedwe kawo lembo la tav linkamveka lofewa likabwera pambuyo pa lembo la liwu, ndipo linkauma kwina konse. Mu shtayim tav ali ndi kadontho kosonyeza kuti ndi wouma, kutanthauza kuti pakati pa sh ndi t palibe liwu. Koma pakamwa pawo mawu sankayamba ndi malembo awiri opanda liwu ogundana. Zolemba za m'nthawi imeneyo zimasonyeza mmene anathetsera vutolo: ankayambitsa ndi kaliwu kosalembedwa, eshtayim. Ife tinakumana ndi chovuta chomwechi pa mawu a Azungu, koma tinalowetsa liwu pakati, n'kupanga sukulu ndi sitolo.

Kunja kwa Tiberias, dera lililonse linkatchula mwake. Akhat yemweyo ku Poland ndi ku Lithuania anali akhas, ku Yemen ankathera ndi liwu lopyapyala lotulukira pakati pa mano, ndipo kwa Asefaradi ankathera ndi t. Malembo anali amodzi.

Eliezer Ben-Yehuda atafika ku Yerusalemu mu 1881, anatsimikiza kuti m'nyumba mwake muzimveka Chiheberi chokha. Mwana wake Itamar, wobadwa mu 1882, anakula nacho ngati chinenero choyamba. Mu 1890 Ben-Yehuda ndi anzake anakhazikitsa komiti ya chinenero, imene mu 1953 inalowedwa m'malo ndi akademe ya boma. Koma ntchito yeniyeni inachitikira m'masukulu a m'midzi ya atsamunda achiyuda, momwe aphunzitsi ankaphunzitsa chilichonse m'Chiheberi, ndi masamu omwe. Panafunika ziro, ndipo anagwiritsa ntchito efes, liwu la m'Malemba lotanthauza kupanda kanthu. Mu 1913 kunabuka mkangano woopsa pamene bungwe la Ayuda a ku Germany linafuna kuti sukulu ya zaumisiri imene inkamangidwa ku Haifa, imene lero ndi Technion, iziphunzitsa sayansi ndi masamu m'Chijeremani. Aphunzitsi ndi ophunzira ananyanyala, ndipo Chiheberi chinapambana. Mu 1922, chaka chimene Ben-Yehuda anamwalira, ulamuliro wa Britain ku Palestine unachivomereza kukhala chinenero cha boma pamodzi ndi Chingerezi ndi Chiarabu.

Chinenero chitangofika pakamwa pa ana, manambala anayamba kupereseka. Komiti inasankha katchulidwe ka Asefaradi, koma olankhula ambiri oyambawo anakulira m'Chiyidishi ndi m'Chirasha. Kwa iwo shtayim, shnayim ndi shmone sizinafune kaliwu kothandizira, ndipo vuto la ku Tiberias linatha lokha. Chimene chinawakanika ndi ayin, liwu lofinya pakhosi limene lili kumapeto kwa arba, sheva ndi tesha komanso kumayambiriro kwa eser. Ayuda ochokera ku Yemen, ku Iraq ndi ku Morocco anabwera nalo, koma adzukulu awo ambiri analisiya. Kutsindika nakonso kunasuntha. Buku limati arBA ndi shmoNE, msewu umati ARba ndi SHMOne. Ine ndikamamva shesh, SHEva, SHMOne, TEsha, Eser, ndimaona ngati eyiti anangotengera mayendedwe a anansi ake pa mzere. Palinso "ndi" wolumikiza. Lamulo limati ve amasanduka u patsogolo pa mawu ngati shtayim ndi shmone, choncho wowerenga nkhani pa wailesi amati esrim ushmone, 28. Akatuluka panja, wa takisi amamuuza kuti esrim veshmone.

Koma nkhondo yaikulu ili pa mawu awiri amene ali pa mutu wa nkhani ino. Shekel ndi dzina lachimuna, kotero masekeli 10 ndi asara shkalim. Pamsika mudzamva eser shekel. Kusiya dzina m'chimodzi si kwachilendo, popeza Malemba enieniwo amatero pa manambala opitirira 10, monga arba'im yom, masiku 40. Chimene chimapweteka aphunzitsi ndi eser wachikazi pa ndalama yachimuna. Ndipo mawu achikazi ali ndi mphamvu zonse. Ndi aafupi. Ndiwo owerengera chabe. Ndiwo a nambala ya foni, ya basi ndi ya nyumba. Ola, sha'a, ndi lachikazi, kotero nthawi imanenedwa nawo. Chaka, shana, ndi chachikazi, kotero mwana woyamba kunena zaka zake amayambira pomwepo. Ngakhale ndalama inali yachikazi, lira, mpaka mu 1980 pamene shekel inalowa m'malo mwake, ndipo sindidabwa kuti anthu amene moyo wawo wonse ankati eser lirot sanasinthe nambala tsiku limene boma linasintha ndalama. Mu 1995 katswiri wa zinenero Dorit Ravid anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti kusiyana kwa chimuna ndi chikazi m'manambala kukufafanizika pakati pa anthu obadwa nacho chinenerochi.

Ndimawamvetsa. Kuti musalakwe muyenera kudziwa mtundu wa dzina, kenako n'kuuzondotsa, ndipo mayina ena amanamiza. Shulkhan, tebulo, ndi lachimuna koma zambiri zake ndi shulkhanot, zomveka zachikazi: shlosha shulkhanot. Beitsa, dzira, ndi lachikazi koma zambiri zake ndi beitsim: shalosh beitsim. Mukadutsa 10 zimafika poipa, chifukwa magawo onse awiri amasintha, lina kupita uku lina uko: anyamata 13 ndi shlosha asar, atsikana 13 ndi shlosh esre. Mawu achimuna a 11 mpaka 19 ndiwo akusowa kwambiri m'kucheza wamba. Amene akulimba ndi aja anamatirira m'mayina okhazikika, monga Sheshet HaYamim, dzina la nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi ya mu 1967, ndi shloshet alafim, 3,000, pafupi ndi shlosh me'ot, 300.

Ku Israel eser shekel si nkhani ya galamala yokha. Ndi mawu amene anthu amayesera nawo mnzawo, kuti anaphunzira kapena ayi, anakulira kuti, ndi wa mbali iti ya tauni. Monga womasulira, ndikapatsidwa cholembedwa ndimatsata lamulo, ndipo ndimakondwa kuti mwana wa sukulu akhoza kuwerenga mwala wa ku Siloam n'kupeza galamala imene anaphunzira dzulo. Koma kunyogodola wogulitsa zipatso chifukwa cha eser sindikugwirizana nako. Iye akuchita zimene olankhula Chiarabu anachita kalekale, ndipo akutero chifukwa makolo ake anachita chimene Ben-Yehuda ankalakalaka, kugula ndi kugulitsa m'Chiheberi.

Pali china chimene ndinachedwa kuchiona, ndipo chimandikhudza ine mwini. Wogulitsa uja akulakwitsa mathero, koma mawu ndi ake. Akhoza kunena mtengo wa galimoto, chaka chimene anabadwa ndi ngongole yake ya kubanki popanda kubwereka nambala, kupatula milyon. Ife zathu zinayenda mosiyana. Mgwirizano wathu ndi wovuta kuposa wa Chiheberi, koma palibe mwana amene amaulakwitsa: anthu atatu, zingwe zitatu, mitengo itatu, tiana titatu. Mawuwo ndiwo amathera pa zisanu. Kupitirira apo pakamwa pathu pamatuluka sikisi, seveni, twente, faifi handiredi. "Makumi asanu ndi limodzi" timakumana naye m'Buku Lopatulika ndi pa guwa, ndipo ambiri timawerengera chamumtima kuti titsimikize ngati ndi 60 kapena 51. Zana ndi chikwi tili nazo, koma kondakitala wa minibasi mukamuuza kuti mwatsala ndi mazana asanu akhoza kukufunsani kuti mwadwala chiyani. Masamu ambirife tinawaphunzira ndi manambala a Chingerezi, ndipo nkhondo ngati ya ku Haifa ija sitinaimenye.

Mwezi wathawu ndinkamasulira kapepala ka malangizo a mankhwala, ndipo panali chiganizo choti wodwala amwe kwa masiku 7. Ndinalemba "masiku asanu ndi awiri", kenako ndinaganizira mayi wotopa, mwana ali kumsana, akuwerenga mothamanga n'kuima pa "asanu". Ndinafufuta n'kulemba "seveni", koma ndinadziwa kuti woona ntchito yanga adzaizunguliza ndi cholembera chofiira. Ndinakumbukira timapepala ta mitengo ta m'misika ya ku Tel Aviv, pamene pamangolembedwa 10 ndi chizindikiro cha shekel, ndipo wogula aliyense amatchula monga anakulira, wina asara, wina eser. Ndinalemba 7, n'kutumiza.